Chiboliboli cha Ufulu: Munthu Wodula Unyolo pa Independence Avenue

Ophunzira ndi aphunzitsi, nkhani yathu ya lero ikutitengera pakati pa mzinda wa Lusaka, pamalo amene ambiri a inu mwapitapo m'basi osatsika, ndipo ena mwangowaona pa chithunzi. Mukachoka kumapeto a Cairo Road chakummwera ndi kulowa mu Independence Avenue, mudzaoloka njanji pa mlatho, ndipo musanayende mtunda wautali mudzaona munthu wachitsulo ataimirira pa chipilala, patsogolo pa nyumba zazikulu za maofesi a Boma. Manja ake ali m'mwamba, ndipo m'mikono mwake mukulendewera zidutswa za unyolo umene wangoudula kumene. Chimenechi ndicho Chiboliboli cha Ufulu. Kwa zaka zambiri chithunzi chake chinasindikizidwa kumbuyo kwa ndalama zathu zamapepala, kotero kuti ngakhale mwana wa ku Chadiza kapena ku Chama amene sanafikepo ku Lusaka anayamba wachigwira m'manja.

Chinthu chimene tichiona masiku onse sitichifunsa mafunso. Koma wophunzira mbiri ayenera kufunsa: kodi anachiimika ndani, liti, ndipo chifukwa ninji? Unyolo umenewu unali wotani? Nanga ndi anthu ati amene munthu mmodzi uyu akuimira?

Chibolibolichi chinavundukulidwa ndi Pulezidenti Kenneth Kaunda pa 23 Okutobala 1974, kutatsala tsiku limodzi kuti dziko la Zambia likwanitse zaka khumi likudzilamulira. Anachiumba ndi mmisiri wa ku Britain, James Butler, yemwenso anapanga chiboliboli cha Jomo Kenyatta chimene chili mumzinda wa Nairobi. Chinaperekedwa kuti chikhale chikumbutso cha onse amene anataya moyo wao pomenyera ufulu wa dziko lino. Taonani bwino: munthu amene ali pa chipilalacho si Pulezidenti, si nduna, sinso mfumu. Ndi munthu wamba, ndipo pamenepa ndi pamene pali phunziro loyamba.

Maiko ambiri amaimika zikumbutso za ngwazi imodzi yodziwika ndi dzina. Mumzinda wa Manila, likulu la dziko la Philippines, muli chipilala cha Jose Rizal, dokotala ndiponso mlembi wa mabuku, amene atsamunda a ku Spain anamuombera ndi mfuti pa 30 Disembala 1896. Chipilala chake chinavundukulidwa mu 1913 pafupi ndi pamene anaphedwera, mafupa ake ali pansi pake, ndipo asilikali amachilondera. Anansi athu a ku Malawi amakumbukira Mbusa John Chilembwe, amene anaukira atsamunda mu 1915, pa tsiku la 15 Januwale chaka chilichonse. Koma chikumbutso chachikulu cha Zambia chilibe manda pansi pake. Chikunena za gulu la anthu, ambiri a iwo osalembedwa m'buku lililonse.

Komabe anthu a dziko lino amachigwirizanitsa ndi dzina limodzi, la Zanco Mpundu Mutembo wa ku Mbala, amene anali mnyamata wa chipani cha UNIP. Nkhani imene iye mwini ankasimba, ndipo yafala m'dziko lonse, imati chakumapeto kwa ulamuliro wa atsamunda anamangidwa ndi unyolo, naimikidwa pamaso pa asilikali a mfuti, nauzidwa kuti adule unyolowo ngati afuna kukhala ndi moyo. Ndipo iye anaudula. Nkhani yotere, yochokera pakamwa pa munthu amene anaona zinthu ndi maso ake, timaitcha mbiri yapakamwa. Ndi yamtengo wapatali, pakuti imatiuza mmene anthu a nthawi imeneyo ankamvera mumtima. Wophunzira wanzeru amaiika pambali pa zolembedwa za m'makhoti, za m'manyuzipepala ndi za m'maofesi a Boma, monga mmene mlimi ayesera mbeu m'minda iwiri. Tiyeni tsono tione unyolo umene zolembedwazo zikutionetsa.

Unyolo woyamba unali wa kulandidwa dziko. Kummawa kuno, Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa ndi asilikali a atsamunda kumayambiriro kwa chaka cha 1898, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anaomberedwa. Kampani ya British South Africa Company inalamulira dziko lino kufikira 1924, pamene Boma la Britain linatenga ulamuliro. Pamodzi ndi ulamulirowo panabwera msonkho, ndipo popeza msonkho unkafuna ndalama zimene sizinkapezeka m'midzi, amuna anayamba kuyenda maulendo ataliatali kukagwira ntchito ku mapulazi ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia, ku Katanga, ndipo pambuyo pake ku Copperbelt. Kumeneko anapeza unyolo wachiwiri, wa malipiro ochepa ndi tsankho. Mu 1935 anthu a m'migodi ananyanyala ntchito, ndipo asanu ndi mmodzi anaphedwa ku Luanshya. Mu 1940 ananyanyalanso, ndipo ku Nkana anthu 17 anafa ndi zipolopolo. Amenewa sanali a chipani chilichonse, pakuti zipani kunalibe, koma ali m'gulu la amene chibolibolichi chikuwakumbukira.

Unyolo wachitatu mungathe kuuwerenga m'mamangidwe a mzinda wa Lusaka weniweniwo. Pamene likulu linasamutsidwa kuchoka ku Livingstone kubwera kuno mu 1935, amene anajambula mapu a mzindawu anaugawa monga mwa khungu. Pa chitunda, pamene pali mphepo yabwino, anamangapo maofesi a Boma ndi nyumba ya Bwanamkubwa, ndipo m'kupita kwa nthawi madera monga Woodlands ndi Kabulonga anadzaza ndi nyumba zazikulu za azungu, zokhala ndi mabwalo otakasuka. Masukulu amene lero timawatcha Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls anali Gilbert Rennie ndi Jean Rennie, ndipo munkaphunzira ana a azungu okha. Munthu wakuda ankaonedwa ngati mlendo wodzagwira ntchito, amene tsiku lina adzabwerera kumudzi. Ku Kabwata anamumangira tinyumba tozungulira ta chipinda chimodzi, tofolera ndi udzu, tolinganizidwira mwamuna wopanda banja. Tina mwa tinyumbato tinasungidwa, ndipo ndito tili pa Kabwata Cultural Village mu Burma Road, pamene amisiri asema ndi kugulitsa ziboliboli za mitengo. Mukakafika, lowani m'kanyumba kamodzi, muyese ndi mapazi anu m'litali ndi m'lifupi mwake, ndipo mudzifunse mmene mayi, bambo ndi ana akanagonera m'menemo.

Mwamuna aliyense wakuda ankayenda ndi chitupa. M'masitolo ambiri a mu Cairo Road, makamaka ogulitsa nyama, munthu wakuda sankaloledwa kulowa pakhomo. Ankaima panja ndi kulandira katundu pa kazenera, osasankha, ngakhale ndalama yake inali yofanana ndi ya mzungu. Agogo ambiri amene aiwala maina a malamulo a nthawi imeneyo sanaiwale kazenera kameneka, chifukwa manyazi amakhalitsa mumtima kuposa njala.

Nanga unyolo umenewu unaduka bwanji? Pa chipilala uoneka ngati unaduka kamodzi, ndi mphamvu za munthu mmodzi. M'mbiri unaduka pang'onopang'ono, mphete imodzi imodzi, pa zaka zoposa makumi asanu. Akale anati mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi, makalaliki ndi alaliki anayamba ndi timabungwe tating'ono tosamalira za umoyo wa anthu akuda, monga kamene Donald Siwale ndi anzake anayambitsa ku Mwenzo. Mu 1946 timabungweti tinalumikizana, ndipo mu 1948 panabadwa Congress, imene Harry Mwaanga Nkumbula anayamba kuitsogolera mu 1951. Nkhondo yake yaikulu inali yokana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene anthu akuda ankaona kuti chidzapereka dziko lino m'manja mwa azungu a ku Salisbury. Nkumbula anatentha poyera, muno mu Lusaka, chikalata cha Boma la Britain chofotokoza za Chitaganyacho. Komabe Chitaganya chinakhazikitsidwa mu 1953, ndipo chuma chambiri cha mkuwa wa dziko lino chinapita kukamanga kummwera kwa Zambezi.

Anthu sanagwe ulesi. Ananyanyala kugula m'masitolo a tsankho, amai ataimirira pakhomo kubweza anzao, mpaka eni masitolo ena anatseka timazenera tija. Mu 1955 Nkumbula ndi Kaunda anakhala m'ndende miyezi iwiri chifukwa chopezeka ndi mabuku oletsedwa. Mu Okutobala 1958 Kaunda, Simon Mwansa Kapwepwe ndi ena amene ankafuna kuyenda msanga anapatuka nayambitsa Zambia African National Congress. Chipani chimenechi chinaletsedwa mu Malichi 1959, atsogoleri ake natumizidwa kumadera akutali. Kaunda anapititsidwa ku Kabompo, ndipo pambuyo pake anaikidwa m'ndende. Otsala anayambitsa United National Independence Party, ndipo Mainza Chona anagwirizira mpando kufikira Kaunda atatuluka mu Januwale 1960.

Pano muyenera kuonjezera malo ena pa ulendo wanu. Ku Chilenje kuli nyumba yaing'ono ya nambala 394, mmene Kaunda ndi banja lake anakhala kuyambira Januwale 1960 kufikira Disembala 1962. Inasungidwa monga chikumbutso cha dziko, pamodzi ndi katundu wa m'nyumba ndi galimoto ya Land Rover imene inkayenda pa ntchito za chipani. Mukaiona mudzadabwa kuchepa kwake, ndipo mudzazindikira kuti zinthu zazikulu za dziko zinkakambidwa m'chipinda chosaposa kalasi yanu. Musaiwalenso amai. Mu 1960, pamene nduna ya ku Britain yoona za maiko a atsamunda, Iain Macleod, inafika ku Lusaka, Mai Julia Chikamoneka ndi anzao anailandira atavula kumtunda, chimene mwa mwambo wathu ndi chizindikiro cha chisoni chachikulu ndi mkwiyo wa kholo. Chiboliboli chija ndi cha mwamuna, koma amene ankaphikira misonkhano, kubisa ofunidwa ndi apolisi, kusonkhetsa makobiri ndi kudzutsa anthu mbandakucha anali amai.

Chaka chowawa koposa chinali 1961. Boma la Britain linalengeza malamulo a chisankho opangidwa mochenjera kuti anthu akuda, ngakhale anali ochuluka, asapambane. Mu Julaye chaka chimenecho UNIP inachita msonkhano waukulu pa thanthwe la Mulungushi pafupi ndi Kabwe, ndipo patangopita masiku owerengeka kunabuka chipolowe chimene chinatchedwa Cha Cha Cha, dzina la gule wotchuka wa masiku amenewo. Chinakula kwambiri m'zigawo za Kumpoto ndi Luapula. Anthu anatentha zitupa, anagwetsa mitengo m'miseu, anaononga milatho, ndipo m'malo ena anatentha nyumba za Boma ndi masukulu. Asilikali ndi apolisi anatumizidwa, midzi ina inatenthedwa, anthu anaphedwa, ndipo zikwi anamangidwa. Tisabise kuti inali nthawi ya mantha, ndi kuti ana ena anataya sukulu zao ndi moto woyatsidwa ndi abale ao omwe. Ufulu sunabwere ndi nyimbo zokha. Mukamayenda mu Cha Cha Cha Road kapena mu Freedom Way, pakati pa ogulitsa malonda ndi phokoso la mabasi, dziwani kuti maina amenewa analembedwa ndi misozi.

Chipolowecho chinakakamiza Britain kusintha malamulo aja. Pa chisankho cha mu 1962 palibe chipani chimene chinapeza mipando yokwanira kulamulira chokha, ndipo apa Nkumbula anachita chinthu choyenera kukumbukiridwa: anakana kugwirizana ndi chipani cha Chitaganya, nagwirizana ndi Kaunda amene anamuchokera, ndipo mu Disembala 1962 kunakhala Boma loyamba lotsogozedwa ndi anthu akuda. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963. Pa chisankho cha mu Januwale 1964 UNIP inapeza mipando 55 ndipo Congress inapeza 10. Pakati pa usiku wolowa tsiku la 24 Okutobala 1964, mbendera ya Britain inatsitsidwa pa Independence Stadium, ndipo ya Zambia inakwezedwa. Reuben Kamanga wa ku Chipata anakhala wachiwiri kwa Pulezidenti.

Tsono tibwerere ku Independence Avenue, chifukwa mseu umenewu uli ndi phunziro lina: zikumbutso nazonso zili ndi mbiri yake. Patsogolo pa High Court panali chiboliboli china, cha munthu wokwera pa kavalo, chotchedwa Physical Energy, chimene British South Africa Company inaimika mu 1960 polemekeza ntchito za Cecil Rhodes. Dziko litalandira ufulu anthu sanafune kuchiona, ndipo chinachotsedwa ndi kutumizidwa ku Salisbury. Lero chili pa bwalo la nyumba yosungira zolembedwa zakale mumzinda wa Harare. Wina anatsika pa kavalo, ndipo wina anakwera pa chipilala ndi unyolo woduka. Chimene mtundu wa anthu usankha kuimika pakati pa mzinda wake chimasonyeza amene akulamulira ndi chimene afuna kuti ana akumbukire.

Chifukwa chake nkoyenera kufunsanso za chaka cha 1974. Pa nthawi imeneyo unyolo unali usanaduke kwa anansi athu. Ian Smith anali atatseka malire a pa Zambezi mu Januwale 1973, ndipo njanji ya TAZARA yopita ku Dar es Salaam inali ikumangidwa. Pa 7 Seputembala 1974, masabata ochepa chibolibolichi chisanavundukulidwe, FRELIMO ndi Boma la Portugal anasainirana muno mu Lusaka pangano limene linatsegula njira ya ufulu wa Mozambique, umene unadza pa 25 Juni 1975. Omenyera ufulu a ku Zimbabwe, Namibia ndi South Africa anapeza pobisala mumzinda uno, ndipo Zambia inalipira mtengo wake: mu Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaponya mabomba ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo anthu ambiri anafa. Ku Chelstone kuli nyumba imene Oliver Tambo, mtsogoleri wa African National Congress ya ku South Africa, ankakhalamo, ndipo mu 2017 inatsegulidwa monga malo a chikumbutso. Nelson Mandela atatuluka m'ndende mu Febuluwale 1990, anafika ku Lusaka mwezi womwewo usanathe. Motero kwa alendo ambiri munthu wa pa chipilala uja ankanena za mawa lao, osati za dzulo lathu lokha.

Koma chaka cha 1974 chili ndi nkhope inanso. Kuyambira Disembala 1972 dziko lino linali la chipani chimodzi. Kapwepwe, mnzake wa Kaunda kuyambira paubwana wao ku Chinsali, amene anamenya naye pamodzi nkhondo ya ufulu, anali atamangidwa mu 1972 chipani chake cha UPP chitaletsedwa. Chiboliboli cha Ufulu chinaimikidwa pa nthawi imene nzika sizinkaloledwa kuyambitsa chipani china. Amene ankateteza dongosolo limenelo ankati likusunga umodzi wa mitundu ya dziko lino pamene adani anali pamalire. Amene ankalitsutsa ankati ufulu wosankha ndi mbali ya ufulu umene anthu anaufera. Mu 1990 malamulo anasinthidwa, ndipo mu Okutobala 1991 anthu anasankha Frederick Chiluba. Kaunda anavomera, napereka mpando mwamtendere. Boma latsopano silinagwetse chibolibolicho. Maboma asintha kangapo chiyambire pamenepo, ndipo atsogoleri a zipani zosiyana akhala akuika nkhata za maluwa pansi pa chipilala chomwecho pa 25 Meyi, tsiku la Ufulu wa Africa, ndi pa 24 Okutobala. Chikanakhala cha nkhope ya mtsogoleri mmodzi, mwina chikanagwa pamodzi ndi chipani chake. Chinakhalitsa chifukwa munthu aliyense angathe kudziona yekha mwa munthu wamba uja.

Pafupi ndi chipilalachi pali Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa mu 1996, mmene mungaone zithunzi ndi zinthu za nthawi ya nkhondo ya ufulu. Mukapitirira ndi mseu womwewo kukwera ku chitunda mudzafika pa Embassy Park, moyang'anana ndi Cabinet Office, pamene panaikidwa matupi a Levy Mwanawasa, Frederick Chiluba, Michael Sata, Kenneth Kaunda amene anamwalira mu Juni 2021, ndi Rupiah Banda. Kumeneko manda aliwonse ali ndi dzina. Kumunsi kuja kuli munthu woimira osatchulidwa maina. Ndi bwino kuona malo onse awiri tsiku limodzi, ndi kuganizira kuti a kumtundawo sakanakhala Apulezidenti pakanapanda a kumunsiwo.

Aphunzitsi amene mukonza ulendo wa kalasi, konzekeretsani ana musananyamuke. Afike mwaulemu monga afikira pamanda a makolo, asakwere pa chipilala, asalembepo maina ao, ndipo asataye zinyalala. Aliyense atenge kope ndi pensulo. Ayambe aima chete ndi kuyang'ana: manja, nkhope, unyolo, ndi kumene munthuyo wayang'ana. Kenaka ajambule chimene aona ndi kulemba mau amene awerenga pamalopo. Mafunso adze pambuyo pa kuona.

Inu amene muli kutali ndi Lusaka musadandaule kuti phunziro ili lakupitirirani. Ntchito yaikulu ili kwanu komweko. Anthu amene anayenda ndi chitupa, amene anagula nyama pa kazenera, amene anamva kulira kwa mfuti mu 1961, atsala ochepa, ndipo chaka chilichonse tikuwaika m'manda pamodzi ndi zimene adziwa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pitani kwa agogo anu kapena kwa nkhalamba ya m'mudzi mwanu, mukhale pansi mwaulemu, muwafunse kumene anali pa 24 Okutobala 1964, ndani m'dera lanu anamangidwa, ndani anabisa anzake, ndani sanabwerere. Lembani maina, midzi ndi zaka monga mmene akuuzirani, ndipo mukapereke kwa aphunzitsi anu kuti zisungidwe pasukulu. Mmisiri anaumba munthu mmodzi chifukwa sakanatha kuumba onse. Maina a enawo adzasungidwa ngati inu muwalemba.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Tchulani mitundu itatu ya unyolo imene yafotokozedwa m'nkhaniyi, ndipo mufotokoze mmene uliwonse unkapwetekera anthu.

2. Kodi nchifukwa ninji chiboliboli cha wokwera pa kavalo chinachotsedwa, pamene Chiboliboli cha Ufulu chakhalabe ngakhale maboma asintha?

3. Kodi mbiri yapakamwa isiyana bwanji ndi mbiri yolembedwa? Nanga iliyonse ingathandize bwanji inzake?

4. Mukanapatsidwa mphamvu yoimika chikumbutso m'boma lanu, mukanakumbukira yani, ndipo mukanachiimika pati?